Pakati panga panali m'kompyuta

Inu owerenga, ine sindinaberekepo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa pali anthu, kuphatikizapo bambo amene ndinakhala nawo pabanja zaka zambiri, amene mpaka lero amalumbira kuti ndili ndi mwana koma ndinamubisa. Ndinabwereketsa khadi yanga ya kuchipatala kwa mnzanga, ndinamva mokhota liwu limodzi la Chichewa chathu chomwechi, kenaka ndinatseka pakamwa pa nthawi yoti ndilankhule. Banja langa linathera pamenepo, ndipo ndikulemba kuti wina asadzapuse monga ndinapusira ine.

Kwathu ndi ku Dowa. Ine ndi amuna anga, a Lastoni, tinabwera ku Doha, mzinda wa kuno ku Arabu, motsatana. Iwo ndiwo anatsogola, kudzagwira ntchito ya ulonda pa mpanda wina wa nyumba za anthu olemera ku Al Duhail. Ine ndinawalondola nditapeza ntchito yoyala mabedi ndi kukolopa pa hotela ina ku Onaiza. Tinali m'tauni imodzi koma sitinkagona denga limodzi. Iwo ankakhala kumene kampani yawo inkasungirako alonda, ine kumene hotela inkasungirako atsikana ake. Masiku opuma akagwirizana, mnzawo wina wapabanja ankatisiyira chipinda chake masana, iye n'kupita kokayenda ndi mkazi wake. Ukwati wa kunja ndi wotero, umachita kubwereka ndi khomo lomwe.

Mphatso ya mwana inatikana. Tinapita kwa madokotala, tinapita kwa abusa, tinapitanso kwina kumene sindingakutchule pano popeza ndimavala yunifolomu ya amayi a kutchalitchi. Apongozi anga aakazi sankanditukwana ayi, anali ndi luso lawo. Popereka moni ankandiyang'ana pamimba, osati kumaso, ndipo ankayankha okha funso lawo ndi kamutu. Kunena zoona, ine ku Doha sindinangotsata ntchito. Ndinkathawa maso amenewo.

Esinati ndinadziwana naye ku mapemphero a Amalawi. Anali mtsikana wa ku Ntchisi, wosakwatiwa, woseka msanga, ndipo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Messila. Ankanditchula kuti achemwali, ine n'kumamutenga ngati mng'ono wanga weniweni. Ndinkadziwa kuti ali ndi chibwenzi, dalaivala wa pa nyumba yoyandikana ndi ya abwana ake, ndipo ndinkamukalipira kawirikawiri. M'dziko lino mtsikana wosakwatiwa akapezeka ndi pakati si nkhani ya ankhoswe, ndi nkhani ya apolisi.

Kenaka kunabwera korona. Mapemphero anatsekedwa, aliyense anamanga masiki pakamwa, ndipo anthu tinayamba kudziwana ndi maso okha. M'masiku amenewo Esinati anandiimbira foni akulankhula motsitsa mawu.

"Achemwali, ndili pa problem. Ndikufunika jakisoni, koma ku clinic akuti popanda marriage certificate, mafi, sizitheka. Mundibwerekeko card yanu ya insurance ndi copy ya certificate. One day basi, khalas."

Tsono amayi anzanga, tandiweruzani. Mayi wa ku Malawi akati akukabayitsa jakisoni, osatchula malungo kapena chibayo, amatanthauza jakisoni uti? Tonse timadziwa kuti ndi wolera uja, wa miyezi itatu. Pa sikelo, pa mjigo, pa chigayo, liwulo limakwana lokha popanda kuliwonjezera mchira. Ndinamufunsa mwanthabwala kuti ndi womanga uja eti, iye n'kuvomera kuti eya, womanga. Ndinaseka, ndinamuyamikiranso kuti tsopano wayamba kuganiza ngati munthu wamkulu. Mumtima mwanga ndinkadziona ngati ndikupulumutsa mwana wa eni ku ndende.

Zoti angamugwire sindinade nazo nkhawa. Kwa anthu a pa kauntala ife akuda tonse ndi nkhope imodzi ngakhale tsiku labwino, nanga ndiye munthu atavala masiki ndi mpango kumutu? Ndinakulunga khadi m'pepala, dalaivala uja anadzaitenga pa geti la hotela, ndipo chithunzi cha mtchatho wathu ndinachitumiza pa foni.

Khadiyo sinabwerenso. Sabata yomweyo hotela yathu anaisandutsa malo obindikiritsirako anthu ochokera kunja, ndipo ife ogwira ntchito anatisamutsira m'zipinda za pansi pa hotela yomweyo. Anatiuza kuti palibe kutuluka kapena kulandira mlendo mpaka zinthu zitasintha. Amene sanagwirepo ntchito m'malo otere sangamvetse mmene masana angaopsere. Makonde ataliatali, magetsi oyaka usana wonse, zitseko zotseka mbali zonse, ndipo kuseri kwa chitseko chilichonse kuli munthu amene sudzamuona. Tinkavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Unkaika thireyi ya chakudya pansi, kugogoda, n'kuthawa. Ukabwerera unkapeza mbale zopanda kanthu, nthawi zina n'kumva chifuwa cha munthu mkatimo. Tinkadyetsa anthu opanda nkhope, ndipo nafenso tinalibe nkhope.

Mmenemo ndi mmene mauthenga anayambira kufika pa foni yanga. Anali ochokera ku kiliniki, m'Chingerezi, otchula dzina langa lonse, ondikumbutsa tsiku la jakisoni. Nambala yanga anaitenga ku inshuwalansi, kumene ndinalembetsa ndi ya amuna anga yomwe. Woyamba sindinaulabadire. Wachiwiri utafika patangopita masiku ochepa, ndinadabwa, chifukwa jakisoni amene ndimamudziwa ine sabayitsa sabata ndi sabata. Nditamufunsa Esinati anati ndi mtundu wina wa kuno. Ndinavomera, poti za ku Arabu zambiri n'zachilendo, ngakhale mvula yake.

Tsiku lina masana nditatsika ku ntchito ndinapeza foni yanga, imene tinkaisiya mu lokala, itadzaza ndi mafoni ophonya a amuna anga. Ndinaganiza kuti kumudzi kwagwa zovuta. Nditawaimbira anayankha akulira. Bambo amene sanagwetse msozi pa maliro a bambo awo omwe, tsiku limenelo ankasisima ngati mwana.

"Amake mwana, bwanji osandiuza? A ku clinic andiimbira kuti mwaphonya appointment, akuti jakisoniyo ndi wofunika kuti baby akhazikike. Andiuza kuti mabrook, kundifunira mafuno abwino m'Chiarabu. Ine Lastoni, andiuza kuti mabrook."

Ndinali nditaimirira m'chipinda chochapira, makina akuzungulira kumbuyo kwanga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti alakwitsa, koma iwo anapitiriza kuti awauza kale amayi awo, ndipo kumudzi nthungululu zamveka mpaka kutsidya. Anawerengera okha kuchokera tsiku lomaliza limene tinabwereka chipinda chija, n'kupeza kuti zikugwirizana. Dzina lija, amake mwana, ndinali ndisanaitanidwepo nalo chibadwire. Linandilowa ngati madzi ozizira pakhosi pouma. Mmalo monena zoona ndinati, "Ndimafuna pakhwime kaye." Mawu atatu okhawo ndiwo anandigwetsera nyumba.

Nditamuimbira Esinati sanakane. Anali ndi pakati, ndipo anali atayamba kutaya magazi. Adokotala anamulembera jakisoni wa projesiteroni, mankhwala othandiza kuti mimba yofuna kuchoka igwire. Ndinamukalipira mpaka mawu anandithera, ndinamunena kuti wabodza, njoka, wosayamika. Iye anayankha akulira kuti sananame, poti ndinamufunsa ngati ndi womanga ndipo ndi womangadi. Kwathu mayi wosafuna kubereka amati wamanga, ndipo mayi wopitapita padera akapita kwa azamba amati akam'mangire mimba kuti isachoke. Liwu ndi lomwelo, ine ndinangosankha tanthauzo limene linandikomera.

Anandidandaulira kuti ndikaulula tigwidwa tonse, iye chifukwa cha mimba, ine chifukwa chobwereketsa khadi. Dalaivala uja anali atachotsedwa ntchito, ndipo foni yake inali itasiya kulowa. Esinati ankabisa mimba m'madiresi aakulu a kuno, n'kumanamiza abwana ake kuti akulandira mankhwala a msana. Anati ndimupirire mpaka ndege zitsegulidwe, adzapita kwawo kukachirira kumeneko. Ndinavomera, ndipo ndinakonza zoti pakapita masiku ndidzauze amuna anga kuti ndapita padera.

Koma inu owerenga, bodza lokoma ndi lovuta kulilavula. Apongozi anga anayamba kundiimbira okha, kunditchula kuti mwana wanga. Anandipatsa malamulo onse: ndisadye mazira, ndisaime pakhomo, ndisamange mpango m'khosi. A Lastoni ankapempha mnzawo woyendetsa galimoto ya kampani kuti azisiya malalanje ndi mkaka pa geti, palembedwe dzina langa. M'mawa uliwonse ndinkati lero ndinena, madzulo n'kuti mawa. Kenaka kiliniki inatumiza chithunzi cha sikani. Pamwamba pake panali dzina langa, tsiku langa lobadwa, nambala ya chiphaso changa, ndipo pakati pa mdimawo panali kamutu ndi kamsana kopindika. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu wanzeru zake akadachitira. Amuna anga atandifunsa ngati andijambula kale, ndinawatumizira.

Zimene zinatsatira ndimaopa kuzifotokoza chifukwa anthu amandiyesa wamisala, koma ndizinena mmene zinachitikira. Mwezi umenewo sindinasambe. Fungo la mankhwala okolopera, limene ndinalizolowera zaka zonsezi, linayamba kundichititsa nseru. Ndinayamba kulakalaka dothi, la chulu lofiira la kwathu, moti tsiku lina ndinadzipeza nditagwada pa mphika wa maluwa pakhomo la hotela, ndikukanda ndi chala n'kumanyambita. Mabere anatupa. Yunifolomu inayamba kukana kumangika m'chiuno. Ndinapempha mnzanga wa ku Kenya kuti andipezere kachipangizo koyezera mkodzo, ndikuganiza kuti mwina Mulungu wadzera njira yokhota. Kanaonetsa mzere umodzi, kutanthauza kuti mulibe kanthu. Ndinayezanso, yankho lomwelo. Koma mimba inkakulabe.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi ichi. Masana ena ndikukankha ngolo ya matawulo pa khonde lopanda munthu, ndinamva kulasa pa thako la kumanja, kuwawa kolemera ngati kwa jakisoni wa mafuta, mpaka ndinatsamira khoma. Nditatsika n'kutsegula lokala, ndinapeza uthenga wa kiliniki wondithokoza kuti ndabwera kudzabayitsa tsiku limenelo. Sabata yotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Ndinafika poti ndinkadziwa kuti Esinati ali pa bedi la anamwino foni isanandiuze. Ndipo tsiku lina ndikuwerama kuti nditole thireyi pa chitseko, china chake chinatembenuka m'mimba mwanga, pang'onopang'ono, ngati munthu wofuna kugona bwino. Ndinaima chilili pa khonde lonselo ndekha, ndikumva makina oziziritsa mpweya okha, ndipo sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndikuwe.

Madzulo ake pa foni ya kanema amuna anga anapempha kuti aone. Ndinakweza bulauzi. Anaona ndi maso awo mimba yozungulira, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinawauza kuti lero wagunda. Panthawi imeneyo sindinkadzimva kuti ndikunama. Ndinali nditayamba kulankhula naye mwanayo poyala mabedi.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho boma la kuno linasintha malamulo a ntchito, kuti munthu atha kusiya bwana wake n'kupita kwa wina popanda kalata ya chilolezo. Ambiri tinasangalala, poti kale bwana ankakusunga ngati mbuzi ya pa chingwe. Esinati anali m'gulu la oyamba kudumpha. Mimba inali itayamba kuonekera ngakhale m'madiresi aja, ndipo anandiuza kuti wapeza malo ena kumene sadzafunsidwa zambiri. Sanandiuze kuti ndi kuti. Patapita masiku ochepa nambala yake inasiya kupezeka, chithunzi chake pa foni chinazimiririka, ndipo amene ankamudziwa ku mapemphero anati naonso akumufuna.

Mauthenga a kiliniki anasintha. Tsopano ankati ndaphonya, ndaphonyanso, chonde bwerani msanga. Kulasa kwa pa thako kuja kunaleka. Kugunda kunaleka. Mimba yanga inayamba kuphwa yokha, popanda magazi, popanda kupweteka, mpaka yunifolomu inayambanso kumangika. Ndinalira maliro enieni m'bafa, mpope nditautsegula kuti anzanga asamve. Ndinkalira mwana amene sindinkadziwa ngati wafa, ngati ali moyo, kapena ngati ndili ndi ufulu womulira n'komwe. Kwa amuna anga ndinayamba kunamizira netiweki kuti tizilankhula popanda kanema.

Atatitsegulira zitseko, mayi woyang'anira antchito anandiitana mu ofesi. Anati a inshuwalansi akufunsa za mabilu a uchembere amene akhala akubwera m'dzina langa, chikhalirecho ine sindinauze hotela kuti ndine woyembekezera, ndipo pa masiku amenewo ndinali wotsekeredwa. Ndinangoti mwina makina alakwitsa. Anandiuza kuti ndipite ku kiliniki ndikakonze ndekha nkhaniyo isanakule.

Ndinapita masana dzuwa likuswa mtengo, ku malo amene ndinali ndisanapondeko koma kumene aliyense ankandidziwa. Nditangotchula dzina, namwino wina anakweza mutu n'kundimwetulira ndi maso ngati mnzake wakale. Ananditumiza ku ofesi ya mabilu, kumene kunali mayi wa ku Philippines kuseri kwa galasi. Anatembenuza kompyuta kuti ndione, n'kunena kuti, "Khodi." Ine ndinamva ngati akuti "kodi", ndipo ndinadikira funso. Anabwerezanso akuloza ndi cholembera. Apo m'pamene ndinazindikira kuti akunena timanambala timene tinandandalikana pansi pa dzina langa.

Anandifotokozera moleza mtima, ndipo ndikufuna nanunso mumve, chifukwa ine ndinaphunzira mochedwa. Kuchipatala cholipira, a inshuwalansi sawerenga nkhani yako, amawerenga makhodi. Mankhwala aliwonse obaya ali ndi khodi yake, chilembo J ndi manambala. Jakisoni wolera ndi jakisoni wogwiriziza mimba ndi apachibale, onse ndi a mtundu wa projesiteroni, koma aliyense ali ndi nambala yakeyake. Mankhwala a mtundu umenewu amaperekanso kwa mayi amene wasiya kusamba popanda chifukwa, kapena amene akuthandizidwa kuti atenge pakati. Nchifukwa chake pambali pa khodi ya mankhwala amaikapo ina yonena chifukwa chimene wabayidwira, ndipo ziwirizo zikapanda kugwirizana inshuwalansi silipira. Akadakhala wolera, anatero mayiyo, chifukwa chake chikadayamba ndi chilembo Z. Changa chinkayamba ndi O, chilembo cha amayi apakati, mzere uliwonse kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Ndinamupempha kuti afufute. Anapukusa mutu. Anati mimba m'kompyuta sifufutidwa, imatsekedwa ndi khodi ina, ya kubereka kapena ya kupita padera, ndipo woilemba ndi dokotala amene waona ndi maso. Njira ina ndi yoti ndilembe kuti amene ankabwera sindine, koma pamenepo nkhani imachoka m'manja mwawo n'kupita kwa apolisi, amene adzafuna ine ndi winayo. Atatero anasuzumira pa galasi, maso ake anatsikira pamimba panga monga ankachitira apongozi anga, n'kufunsa motsitsa mawu, "Madam, where is baby?" Ndinapempha kuti andilozere chimbudzi, ndipo ndinatulukira khomo lakumbuyo.

Ntchito ya pa hotela ija ndinaisiya mwezi womwewo, lamulo latsopano lija linandithandiza nanenso kuthawa mafunso. Koma amuna anga sindikadawathawa. Tinapangana kukumana pa benchi ina pafupi ndi pokwerera basi ku Al Duhail. Ndinawaona akubwera chapatali, atavala malaya awo a Lachisanu, tsiku lopuma kuno, m'manja muli jumbo. Mkati mwake munali tizovala ta mwana ndi chitenje chatsopano chimene amayi awo anatumiza kudzera mwa munthu. Atafika pafupi anaima. Sanandipatse moni, anangoyang'ana pamene panayenera kukhala mimba ya miyezi yotha.

Ndinawauza zonse, kuyambira foni ya Esinati mpaka ofesi ya mabilu. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yonseyo ndinalankhula zoona zokhazokha, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ananditcha wabodza. Anatulutsa foni n'kundionetsa sikani ija, chala chili pa dzina langa. Anandionetsa chithunzi chimene anajambula pa kanema tsiku lija ndinakweza bulauzi. Bambo amene chikwatirane ankandilemekeza ndi inu, tsiku limenelo anatsika n'kufika pa iwe.

"Iwe, mimba ndinaiona ndi maso angawa. Unandiuza wekha kuti wagunda. Usandiuze za Esinati amene palibe akumudziwa address. Mwana wanga wamusiya kuti?"

Anapita okha ku kiliniki kuja ndi chiphaso chawo, monga mwamuna wa wodwala. A kumeneko anawauza zimene zinali m'kompyuta: kuti akazi awo ankabwera mokhulupirika, kuti pa ulendo womaliza mwana anali wamoyo ndi wamphamvu, kuti ndi wamkazi, ndipo kenaka mayiyo anangosiya kubwera. Ndinawachonderera kuti tipite kwa dokotala wina andipime. Dokotalayo anati panopa ndilibe pakati, ndipo anafotokoza kuti zimachitika mayi wolakalaka mwana kwambiri kutupa mimba mpaka kumva kugunda mulibe kanthu. Amuna anga anamvetsera mpaka kumapeto, potuluka n'kundifunsa kuti ndamulipira zingati. Kwa iwo munthu atha kunama, koma kompyuta ilibe chifukwa chonamira.

Ndinawauza kuti ngati ndi choncho tiyeni kupolisi, ndikaulule, andimange, bola dzina langa liyere. Ndinkanena ndi mkwiyo, ndikudziwa kuti ndikatero ndiye kuti ndatumiza anthu kukasaka Esinati ndi khanda lake kulikonse kumene anabisala. Iwo anakana. Anati sangamangitse mayi wa mwana wawo. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwana kulikonse, chifukwa ngakhale pondikana ankandikanira pa mwana yemweyo.

Kumudzi nkhani inafika ili ndi miyendo yake. Ena anati ndinachotsa mimba kuti ndisataye ntchito. Ambiri anakonda yoti ndinaberekera m'hotela mobisa n'kugulitsa mwana kwa Aluya osabereka. Apongozi anga anaitanitsa chitenje chawo. Ankhoswe anakamba mlandu pa foni, mbali iyi ku Dowa mbali iyi ku Doha, netiweki ikudukaduka, ndipo ukwati umene unapirira kusabereka zaka zonse zija unagwa chifukwa cha mwana mmodzi. A Lastoni atamaliza kontirakiti anabwerera kumudzi, ndipo pano ali ndi mkazi wina.

Ine ndikadali kuno, pa hotela ina. Nambala ya chiphaso changa sinasinthe, choncho nkhani ija imandidikira pamene sindikuiyembekezera. Ndikadwala mutu kapena dzino n'kufika pa kauntala yolumikizana ndi kiliniki ija kapena inshuwalansi yomweyo, wolemba amayang'ana kompyuta, kenaka amandiyang'ana ine, n'kufunsa kuti ndinachirira kuti. M'makina amenewo ndikadali woyembekezera mpaka lero, mimba ya zaka. Esinati sindinamuonenso. Sindikudziwa ngati anafika kwawo, ngati anachira bwino, kapena ngati kamtsikana kaja kakupuma. Masiku ena ndimamutemberera, masiku ena ndimamupempherera, ndipo sindinapitebe kukaulula.

Tsono abale anga, makamaka inu amene muli kunja kuno, khadi ya kuchipatala si chitenje choti n'kubwerekana. Amene wapita nayo amakalembetsa thupi lake pa dzina lako, ndipo zolembedwazo zimakhulupiriridwa kuposa iwe mwini thupi. Mnzanu akati akufuna jakisoni, musachite manyazi kufunsa kuti wa chiyani, dzina lake ndani, adokotala anena kuti akuchiza chiyani. Ngati ndi wanu, pemphani akuwerengereni zimene alemba musanachoke pa kauntala. Mtsikana amene ali m'mavuto ngati a Esinati muthandizeni kupeza anthu odziwa malamulo ndi njira yobwererera kwawo, osati kumuveka dzina lanu. Ndipo koposa zonse, cholakwika chikakugwerani m'manja chili chokoma, chikaneni tsiku lomwelo. Ine ndikadalankhula masana aja m'chipinda chochapira, amuna anga akadalira tsiku limodzi n'kundikhululukira.

A Lastoni sandiimbiranso, ndipo za banja sazitchula. Koma chaka chilichonse, m'mwezi umene anawerengera kuti mwana akadabadwa, amanditumizira uthenga umodzi. Samatukwana, samaopseza. Wa chaka chino unafika ndili pa basi yopita ku ntchito, ndipo unali waufupi. Analemba kuti, "Pano ayenera kuti wayamba sukulu ya mkaka. Sindidzamulanda kwa amene akumusunga, ndalumbira. Ungonditumizira chithunzi chimodzi, ndione ngati anatengera mphumi ya amayi."